Kalata ya abusa: za ana athu a Sitandade 6 mpaka Fomu 2

Okondedwa mwa Ambuye, akulu ampingo, atumiki, amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi akhristu nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu.

Sukulu zatsegulira, ndipo m'mawa uliwonse ndimaona ana athu akudutsa kuseri kwa tchalitchi, makope ali m'majumbo. Aang'onoang'ono timawaperekeza, a Fomu 4 timawapempherera mowatchula maina. Koma pali gulu lapakati lomwe timangoti lakula, lidziyendera lokha: ana a zaka 11 mpaka 15, ochokera Sitandade 6 kukafika Fomu 2. Kalata iyi ndalembera iwowa.

Pa Luka 2:41-52 timamva za Yesu ali ndi zaka 12. Pochokera ku Yerusalemu, Yosefe ndi Mariya anayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti mwana ali m'gulu la apaulendo anzawo. Sanali makolo otayirira ayi. Msinkhu umenewu ndi wotero: mwana sakugwiranso nsalu ya amake, ndiye aliyense amaganiza kuti ali ndi wina. Anamupeza patapita masiku atatu atakhala pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa mafunso. Mutandifunsa kuti sukulu yabwino ya ana a msinkhu uwu ndi yotani, ndiyankha kuchokera pomwepa. Ndi sukulu imene mwana akasowa wina amadziwa tsiku lomwelo, ndipo akakhalapo saopa kufunsa.

Ndikudziwa kuti ife timayeza sukulu ndi mayeso. A MANEB akangotulutsa zotsatira za Sitandade 8, funso pa chigayo ndi pa mjigo limakhala limodzi: asankhidwa angati? Wopita ku sekondale yogonera konko alipo? Funsoli si loipa, nanenso ndimafunsa. Koma tiwonjezerepo lina. Mwa ana amene anayambira limodzi Sitandade 5, ndi angati anafika polemba mayesowo? Sukulu itha kutchuka kuti onse akhoza, chonsecho ofooka anatayika m'njira, wina ku ukwati, wina ku ganyu, wina pa kabaza, ndipo palibe anawawerenga.

Chaka chatha mphunzitsi wina wa Sitandade 7 anafika kunyumba ya abusa panjinga dzuwa litapendeka, choko chidakali m'manja. Anati, "Abusa, mtsikana uja amaimba kwaya kwanu kuno wajomba masiku anayi. Si khalidwe lake." Ine ndinali nditamuona Lamulungu lomwelo akuimba, osadziwa kanthu. Titapita kwawo ndi amayi awiri a Chigwirizano, tinapeza kuti mwanayo anatha msinkhu ali m'kalasi, diresi linadetsedwa, anyamata anamuseka mpaka pa msewu. Analumbira kuti sadzapondakonso. Agogo ake omwe amamulera anali atayamba kale kunena kuti basi wakula, apeze banja. Amayi aja anakhala naye pamkeka madzulo onse, anamusokera zofunika, ndipo mphunzitsi anakalankhula ndi anyamata aja paokha. Lolemba anabwerera. Pano ali Sitandade 8. Mwanayu sanapulumutsidwe ndi nyumba yokongola kapena mabuku ambiri. Anapulumuka chifukwa mphunzitsi poitana maina anaona kuti dzina limodzi silikuyankhidwa, ndipo chinamupweteka mumtima.

N'chifukwa chake ndikakacheza pasukulu ndimayamba ndapempha kuona zimbudzi za atsikana ndisanaone ofesi ya ahedi. Kodi zili ndi zitseko? Madzi alipo? Chipinda chosinthiramo chilipo? Zimaoneka ngati nkhani zosayenera kalata ya abusa, koma atsikana ambiri amayambira pamenepa kujomba masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo masamu sadikira munthu.

Za kufunsa mafunso ndiye zimandikhudza kwambiri. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amakhala m'Chingerezi. Mwana amene anali wochangamuka m'makalasi aang'ono amangoti zii, osati chifukwa nzeru zatha, koma chilankhulo chamutsekera pakamwa. Amakopera zapabolodi mwaukhondo, kuloweza, koma mukamufunsa tanthauzo amayang'ana pansi. Chiyambireni pulayimale yaulere mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, ndipo ndinalowapo m'kalasi momwe ana anapitirira 100, mphunzitsi mmodzi. Komabe ndaona aphunzitsi ena, m'mavuto omwewo, akubwereza mfundo m'Chichewa kuti onse amve, akuika ana m'magulu kuti wodziwa athandize mnzake, akuchonga makope mpaka usiku ndi tochi ya foni. M'kalasi yotere mwana akalakwa sasekedwa ndipo sakwapulidwa, ndiye mawa amakwezanso dzanja. Kumene ndodo ikulamulira, ana amaphunzira kukhala chete, ndipo ife timati ndi ulemu.

Pamenepa makolo tisathawe. Kunyumba kwathu mwana akafunsa "chifukwa chiyani?" timati wamwano. Nanga akazolowera kutsekedwa pakamwa pakhomo, akatsegula bwanji pamaso pa aphunzitsi? Ngakhale inu amene simunapite patali ndi sukulu mutha kunena kuti, "Tandiwerengera zomwe mwaphunzira lero." Mwana akamakufotokozerani ndi pomwe akuphunzira kawiri.

Njala nayo ndi mphunzitsi woipa. Kumene kuli phala, monga lija a Mary's Meals anayamba kupereka kuno ku Malawi mu 2002, ana amafika m'mamawa ndipo amakhalitsa. Kumene kulibe, miyezi ya Januwale ndi Febuluwale makalasi amachepa. Tsiku la msika nalonso limatibera ana, ndipo nthawi zambiri ndi ife eni timawatuma kukagulitsa mandasi.

Anyamata tisawaiwale. Takhala tikulankhula za atsikana, ndipo n'koyenera, koma mnyamata wa zaka 13 akayamba kugwira ndalama ya ganyu, kukhala ku mavidiyo ndi kubetcha mpira, sukulu imamuchepera. Amafuna bambo womuona. Sukulu yokhala ndi mpira, kwaya, zisudzo kapena dimba imamupatsa pomwe angaonekere ngakhale masamu akumuvuta, ndipo ambiri amakhalabe pasukulu chifukwa cha zimenezi mpaka nzeru za m'kalasi zitatseguka. Abambo a mumpingo uno, ndi liti munakaonerera mpira wa ana asukulu?

Kwa amene ana anu apita ku Fomu 1, makamaka ku sekondale zoyendera zomwe zili kutali, chonde kaoneni kumene akugona. Ana ena timawachitira lendi kachipinda pa tauni kuti azidziphikira, mtsikana wa zaka 14 yekhayekha, ufa ukatha alibe womuuza. Amene amabwera ndi thandizo pa nthawi yotero si onse a mtima wabwino. Funsaninso ngati ophunzira anzawo akuluakulu a pasukulupo sakuwazunza poti ndi atsopano. Mwana sanena msanga zoterezi, mumamuonera pa kuonda ndi kusafuna kubwerera holide ikatha.

Ndinenenso mosapsatira. Malamulo a dziko lino, chisinthireni Konsitityushoni mu 2017, salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mumpingo uno sitidzadalitsa kapena kuvomereza ukwati wotero. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza inathetsa maukwati a ana ambirimbiri n'kuwabwezera kusukulu. Ngati mfumu inatha kutero, mpingo ungalephere bwanji? Ndipo mtsikana amene wachembeza ali pasukulu, boma limalola kuti abwerere akalera pang'ono. Tisakhale ife omutsekera njira ndi manong'onong'o athu.

Amishoni atafika ku Mvera mu 1889, tchalitchi ndi sukulu zinkayendera limodzi, ndipo makolo athu ambiri anaphunzira kuwerenga kuti adziwerengere okha Mawu a Mulungu. Sukulu si ya boma lokha. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsono ndikupempha izi. Mkulu wampingo aliyense alembe maina a ana a Sitandade 6 mpaka Fomu 2 a m'dera lake, ndi sukulu zomwe amapita, kuphatikizapo amene anasiya. Amayi a Chigwirizano akumane ndi amayi a mother group, gulu lothandiza atsikana pasukulu yathu, kuti amve chomwe chikusowa. Achinyamata amene munalemba Fomu 4, tchalitchi chidzakhala chotsegula Loweruka lililonse masana kuti muzithandiza azing'ono anu Chingerezi ndi masamu, ndipo mabenchi ndi bolodi zilipo kale. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukaitanidwa, tiyeni tikapezekeko, abambonso, osangotuma amayi.

Maina aja ndidzawalandira Lamulungu likudzali tikatuluka mapemphero, ndipo tidzawatchula limodzi m'pemphero tisanagawane makomo oti tikayendere.

Chisomo cha Ambuye chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu.