Kujambula mbale ndi buledi si ulesi

A Mkonzi,

Ndikufuna kuyankha anzathu amene amati wojambula zinthu za patebulo ndi penti akungotaya nthawi poti kamera ilipo. Tayang'anani ntchito za Henk Helmantel wa ku Westeremden, m'dziko la Netherlands, wobadwa mu 1945. Amajambula mbale zakale, mabotolo, buledi ndi zipatso, zili duu pathabwa, kuwala kukugwera mbali imodzi. Luso limeneli likuchokera kwa akatswiri akwawo a zaka za m'ma 1600 monga Pieter Claesz, amene ankaonetsa ngakhale kunyezimira kwa tambula.

Kamera imatola zonse kamodzi. Helmantel amasankha yekha pogwera mthunzi, ndipo mbale ikakhala yobenthuka amaijambula momwemo, osaikonza. Kubenthukako ndi kumene ine kumandikoka. Aphunzitsi a zojambula, aonetseni ana zithunzi zimenezi.

Wowerenga wanu,
Zomba