Kalata kwa makolo potseka teremu yachitatu

Makolo nonse, bambo ndi mayi, agogo, azakhali ndi amalume amene mukulera ana a pasukulu yathu ino, ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye.

Tatseka teremu yachitatu, chaka cha sukulu chatha. Zikomo chifukwa cha ana amene mwakhala mukutitumizira m'mawa uliwonse mu June ndi July muno, kuzizira kwa kuno ku Bembeke mukukudziwa nokha, mwana amafika m'kalasi zala zitauma osatha kugwira pensulo, koma amabwera ndithu. Mwana aliyense tamupatsa lipoti lake, ndipo tsiku lotsegulira mu September talemba pamenepo. Ngati mwana wanena kuti lipoti sanalandire, chonde musayambe ndi ndodo. Nthawi zambiri lipoti lobisidwa ndi la mwana amene akuopa kunyumba.

Ndiye nkhani imene ndikufuna tikambirane ndi imeneyo, za mantha ndi nkhawa zimene zimalowa m'nyumba sukulu ikamayandikira kutsegula.

Ndakhala m'kalasi zaka zambiri ndipo ndimaona chinthu chimodzi chaka chilichonse. Sabata ziwiri zomaliza za holide nyumba zambiri zimatentha. Yunifolomu yachepa, nsapato zang'ambika, makope akwera mtengo, ana ndi atatu kapena anayi, komanso nthawi yomweyo mutu uli pa feteleza wa chaka chino. Kachewere mwagulitsa, koma mavenda agula motchipa, ndalama ya banki m'khonde ikufunika kubweza, ena mpaka mwakatenga katapila. Zonsezi ndi zoona ndipo sindikuzichepetsa. Koma taonani amene amalandira moto wake. Mwana akangoti “amayi makope” basi yankho ndi lakuti “iwe ukuona ngati ndalama ndimatola?” kapena “sukulu yakoyo ikundithera ndalama chonsecho umangolephera.” Ife akulu tikalankhula timaiwala. Mwana saiwala. Amamva kuti vuto la pakhomo ndi iyeyo, ndiye tsiku lotsegulira safika, sabata yachiwiri safika, kenako timamuona pamsewu wa M1 akuthamangira ma minibasi ndi beseni la tomato.

Ine ndemwe ndinalakwapo pa zimenezi. Chaka china mwana wanga wamkazi anandipempha nsapato usiku ndili pakati powerengera ngongole, ndinamukalipira koopsa, mawu amene sindingawalembe pano. Sanapemphenso. Teremu yonse anayenda ndi nsapato yobooka pansi ataikamo katoni, ine osadziwa, ndinadzaona tsiku lina mvula itagwa akuyanika masokosi. Ndinapita kukamupepesa. Zinandivuta kwambiri, bambo wamkulu kupepesa mwana, koma palibe chimene chinandichoka, ndipo kuyambira pamenepo amandiuza zinthu.

Timakonda kuwerengera ana Aefeso 6 ndime yoyamba ija yoti amvere makolo, ku Sande sukulu amachita kuiloweza. Koma tikatsika pang'ono pa ndime 4 Paulo akulankhula ndi ife, akuti atate musakwiyitse ana anu. Pa Akolose 3:21 akubwerezanso ndipo akupereka chifukwa, kuti ana angataye mtima. Mwana wotaya mtima ndimamudziwa akangolowa pakhomo la kalasi, amakhala kumbuyo, safunsa, olo adziwe yankho sakweza dzanja. Kulanga kulipo, ine sindikunena kuti mwana azingosiyidwa. Koma kulanga mwana chifukwa walakwa ndi kwina, kumuthira mkwiyo wa ngongole zathu ndi kwinanso.

Ndiye ndikupempha chonchi. Ngati ndalama palibe, mukhazikeni pansi mwanayo mumuuze bwinobwino kuti mwezi uno tigula makope awiri ndi cholembera, nsapato tidikire. Ana amamvetsa kuposa mmene timaganizira. Kenako pempherani naye, osati pemphero lomudzudzuliramo ayi, lija lakuti “Ambuye musintheni mwana waulesiyu” iye ali pompo, koma mumutchule dzina, muthokoze Mulungu chifukwa cha iye, mupemphe za chaka chimene chikubwerachi. Kaya ndinu a Katolika, a CCAP, a Seventh Day kapena mpingo wina uliwonse, mphindi zisanu musanagone zikukwana. Abale athu achisilamu amene ana anu ali pano, mawu awa ndi anunso, mwana ndi mwana.

Ndipo ndinene momveka kuti pasukulu pano sitibweza mwana chifukwa alibe yunifolomu kapena nsapato. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994. Abwere ndi zovala zimene ali nazo bola zochapa. Kuli bwino afike tsiku loyamba ndi kope limodzi kusiyana ndi kufika mu October atavala zatsopano anzake atapita kale patsogolo.

Kwa inu amene ana anu abwereza kalasi, ndikudziwa zimawawa. Ambiri obwereza ndi a Sitandade 5, ndipo si kuti ndi mbuli ayi, kalasi imeneyi ndi pamene maphunziro ambiri amayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi, mwana amene amakhoza bwino ku Sitandade 4 amangoona ngati wafika dziko lina. Musamuyerekeze ndi mng'ono wake kapena mwana wa aneba. Aphunzitsi ake andiuza okha kuti ambiri angotsala pang'ono.

A Sitandade 8 akudikira zotsatira za MANEB. Masiku amenewa ndi ovuta m'nyumba, mwana sagona, kholo naye sagona. Ena adzasankhidwa kupita kogonera konko ngati ku Dedza Government, ambiri adzapita ku masekondale oyendera apafupi, ma CDSS aja, ena dzina silidzatuluka. Konzekani mtima panopa zotsatira zisanatuluke, kuti tsikulo nkhope yanu isadzamuuze mwana kuti chikondi chanu chinali pa mayeso. Amene dzina silidzatuluka bwerani naye, malo obwereza alipo. Amene adzapite kogonera, yambani pang'onopang'ono kusonkhanitsa bulangeti, ndowa, sopo, musadikire sabata yomaliza.

Za holide mwachidule. Ana athandize kudimba ndi pakhomo, ntchito siipha, koma asawoloke malire kupita ku Mozambique kukagwira ganyu chifukwa ambiri akapita sabwera nthawi yake. Ku mavidiyo usiku ayi. Za chinamwali tinagwirizana kale ndi mafumu athu kuti zonse zithe sukulu isanatsegule. Ndipo atsikana athu, chonde chonde. Holide yaitali ngati ino ndi imene timataya atsikana, munthu amabwera ndi sopo ndi kafoni pa nthawi imene pakhomo pavuta, makolo n'kuyang'ana kumbali. Lamulo la dziko lino silola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo kuno ku Dedza tonse tikudziwa ntchito imene Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira yothetsa maukwati a ana n'kuwabwezera kusukulu. Ngati mtsikana watenga mimba musamubise, musamuthamangitse, akachira amaloledwa kubwerera m'kalasi. A Mother Group alipo, alankhuleni.

Agogo amene mukulera adzukulu nokha, inu ndiye ndimakuganizirani kwambiri. Musachite manyazi kubwera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye ndapempha a komiti ya sukulu ndi a PTA kuti amene muli ndi yunifolomu imene mwana wanu yamuchepa mubweretse ku ofesi, tidzagawa mwakachetechete osaitana mayina pa asembule.

Ana oyamba Sitandade 1 akhale a zaka 6, mubwere nawo nokha kudzalembetsa. Tsiku loyamba ambiri amalira, musawaopseze kuti aphunzitsi akumenya ukapanda kusiya, tangowaperekezani mpaka pakhomo la kalasi, zinazo tisiyireni ife.

Ine ndikhala ndili pasukulu pano sabata yonse yomaliza ya holide, m'mawa mpaka 12 koloko. Amene zinthu zavuta bwerani tidzakhale pansi tione chochita mwana asanajombe. Ngati simungathe kufika tumizani uthenga kudzera kwa wapampando wa PTA, ndidzabwera ndine.

Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi ana athu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu