Azungu sanaumbidwe ndi dothi lina

Akonzi,

Mwezi watha ndili pachigayo pafupi ndi bwalo la ndege la Kasungu, kandege kopanda woyendetsa kanadutsa pamwamba pathu. Bambo wina, ufa uli mbuu m'nsidze, anapukusa mutu nati, "Azungu awa Mulungu anawaumba ndi dothi lina." Aliyense anavomera. Ine mtima unandiwawa mpaka kunyumba, poti mawu amenewa ndikudziwa kumene anachokera.

Zaka za m'ma 1800 ku America kunali akatswiri ophunzitsa kuti mtundu uliwonse wa anthu unalengedwa paokha. Samuel Morton wa ku Philadelphia ankathira njere ndi timipira ta mtovu m'zigaza za anthu akufa kuti aone chachikulu, ndipo wakuda anamuika pansi. Eni akapolo anaombera m'manja. Nanga munthu ukamuyesa cholengedwa china, kumugulitsa kungakuvutenso? Zimenezo n'zomwe ife tikubwereza pachigayo, tikudzitukwana tokha.

Mu 1871 Charles Darwin anati anthu onse ndi a tsinde limodzi, ndipo anaganizira Africa. Mtsutso unabweranso mwa mtundu wina: ena, monga Milford Wolpoff, ankati anthu a lero anakhwimira m'zigawo zingapo za dziko uku akukwatirana. Koma mu 1987 Rebecca Cann ndi anzake anayeza DNA imene mwana amatengera kwa mayi ake okha, monga momwe ife Achewa timalondolera mtundu kuchikazi. Mizere yonse inakathera kwa mayi mmodzi wa mu Africa, zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Sanali yekha padziko ayi, koma mzere wakewo ndi umene sunaduke. Kukwatirana kuja kunaliko ndithu, pakuti mu 2010 zinapezeka kuti anthu a kunja kwa Africa ali ndi kachigawo kochepa ka DNA kochokera kwa a Neanderthal, mtundu wina wa anthu akale umene unatha, koma thunthu ndi la kuno.

Agogo anga ankasimba za mwamuna ndi mkazi amene anatsikira pa Kaphirintiwa atanyamula khasu ndi mtondo. Kutchalitchi timawerenga za Adamu ndi Hava. Palibe paliponse pamene ndinamvapo za madothi awiri.

Ndikupempha aphunzitsi anzanga: auzeni ana za chibwano cha munthu wakale cha zaka zoposa 2 miliyoni chimene chinafukulidwa ku Uraha, ku Karonga, mu 1991. Bambo aja ndinawauzanso kuti kuyambira 2020 achinyamata akuphunzira kupanga tindege timeneti m'Malawi momwe muno. Anangoti "Ha!" nasenza thumba lawo.

Mphunzitsi wopuma,
Kasungu