Kalata kwa a Wapampando a bodi ya sukulu: ku wekishopu kuzipita amene ali mkalasi

A Wapampando,

Ndalemba poyera chifukwa nkhani iyi tikaidzutsa pa miting'i ya aphunzitsi imangothera pa "tiona kaye bajeti", ndiye mwina ikafika kwa inu iyenda. Ine ndimaphunzitsa Biology ya IB Diploma, maphunziro a zaka ziwiri zomaliza za sekondale a bungwe la International Baccalaureate (IB).

Mukudziwa kuti silabasi ya Biology, Chemistry ndi Physics inasintha, yatsopanoyi tinayamba kuphunzitsa mu 2023 ndipo mayeso ake oyamba analembedwa mu May 2025. Paper 3 kulibenso, ma options, mitu yochita kusankha ija, anachoka, komanso IA, kafukufuku uja mwana amapanga yekha amene amatenga 20 peresenti ya malikisi, pano tikuchonga pa mfundo zinayi osati zisanu ngati kale, iliyonse malikisi 6, ndipo asapitirire mawu 3,000. Zinthu zasintha chonchi ku wekishopu ya IB yophunzitsa aphunzitsi kunapita ndani? A mkulu wa dipatimenti, amene kalasi ya Diploma anaisiya kalekale. Sindikuwanena ayi, ndi munthu wabwino, koma anangobwera ndi satifiketi ndi mulu wa mafotokope, kutifotokozera pa break titaimirira, belu kulira, basi nkhani yatha.

Zotsatira zake ndinaziona ndekha. Ma IA timachonga ndife, kenako angapo amatumizidwa kwa moderator, wa ku IB amene amaona ngati tachonga bwino, ndipo iye akaona kuti dzanja lako ndi lopepuka malikisi amatsika kalasi yonse, osati a okhawo anatumizidwawo. Panali mtsikana wina amene anakhala masabata mu labu akuyeza mmene enzyme yotchedwa catalase imagwirira ntchito kutentha kukamasintha, kubwereza kasanu kasanu mpaka matebulo ake kuoneka bwino, ine ndinamuuza kuti zili bho chifukwa mmutu mwanga munali machongedwe akale. Malikisi anatsika. Giredi imathera pa 7 ndipo diploma imafuna mapointi 24 mwa 45, ndiye kwa mwana amene ali pa malire pointi imodzi si yocheza. Mpaka lero ndikamuganizira zimandiwawa, analakwa ndine osati iyeyo.

Chimene munthu umakapeza ku wekishopu si mapepala, mapepalawo ali kale pa intaneti. Ndi paja amakupatsani ntchito ya mwana weniweni, aliyense achonge payekha, iwe wapereka 5 mnzako wa ku sukulu ina wapereka 3, ndiye mukanganepo mpaka woyendetsa wekishopu akuonetseni chiganizo chimene chapangitsa kuti ikhale 4. Zimenezo sizilowa mu fotokope.

Pempho langa ndi ili bwana. Mawekishopu ali m'magulu atatu, Category 1 ya ongoyamba kumene, Category 2 ya amene aphunzitsapo kale, Category 3 yozama pa mutu umodzi. Anzathu awiri atsopano apite ku 1 asanagwire kalasi, ife akale ku 2 nthawi iliyonse silabasi ikasintha. Ngati ndalama ya ulendo yavuta, ya pa intaneti iliponso ndipo sitikuikana, koma mutichotsereko mapiriyodi, chifukwa kupanga wekishopu usiku maso ali gwa pa laputopu utachonga kale mulu wa mayeso ndi kungotaya ndalama zanu. Ndipo wobwerako apatsidwe masana athunthu tikhale pansi dipatimenti yonse tichonge limodzi.

Ma IA a chaka chino ayamba kale kufika pa desiki panga. Ndingakonde yankho lanu ndisanayambe kuwachonga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa Biology