Lipoti la msonkhano wa za matenda a m'mimba a IBS uja munandituma

Moni nonse a gulu. Ndabwerako bwino, ma risiti a transipoti ndawapereka kale kwa msungichuma wathu.

Tsiku loyamba kunali zoyankhula zambiri, koma nkhani imene ndabwera nayo ndi ya jini (chibadwa chotengera kwa makolo) yotchedwa SI. Jiniyi ndi imene imapanga enzaimu ya sucrase-isomaltase, ija imakhala m'matumbo aang'ono kumagaya shuga wa nzimbe ndi kumalizitsa kugaya sitachi. Kwa ena enzaimuyi imakhala yofooka chibadwire, ndiye shuga ndi sitachi zimadutsa zisanagayike bwinobwino n'kukafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya amazidya, basi mpweya, mimba kutupa ngati ng'oma, kenako kutsegula. Gulu la wasayansi Mauro D'Amato linalemba mu magazini ya zachipatala ya Gut mu 2018 kuti mtundu wina wa jiniyi, 15Phe, umachepetsa mphamvu ya enzaimu ndi 35% mu labu, ndipo unkapezeka kwambiri mwa anthu a IBS kuposa mwa anthu abwinobwino. Ku Greenland aliko ambiri ndithu amene enzaimuyi alibiretu.

Apa mpamene ndinasiya kuodzera. Dayeti ya low FODMAP ya ku Monash University, ku Australia, imene timauza odwala athu imadula anyezi, adyo, nyemba, tirigu ndi mkaka, koma shuga wa mu tiyi ndi sitachi siyikhudza kwenikweni. Ndiye munthu amasala anyezi mwezi wathunthu koma m'mawa masipuni atatu a shuga mu kapu, masana mitanda inayi ya nsima, madzulo mbatata, ife n'kumati sakutsatira malangizo eti. Mwina vuto lake lili pa jini. Ku Malmö ku Sweden anayesa dayeti yochepetsa shuga ndi sitachi, odwala ambiri anapezako bwino.

Ndinaimika dzanja n'kufunsa za ife, poti kafukufuku wambiri wa zimenezi anachitika pa azungu. Yankho linali lachidule, anangotchula za mkaka, kuti abusa a ng'ombe a ku Kenya ndi Tanzania ali ndi jini yawoyawo yogayira lakitozi, shuga wa mu mkaka, ngakhale atakula, pomwe ambirife tilibe. Za nsima palibe anayankha.

Chonde tisayambe kuletsa anthu nsima, kuyezetsa jini sikunafike poti n'kuchita ku kiliniki. Pempho langa n'lakuti pa fomu yathu ya zakudya tionjezere funso la masipuni a shuga ndi mitanda ya nsima. Tidzakambirane Loweruka, ma slide ndibwera nawo pa flashi.