Okonza mizinda atithandize kulimbana ndi umbava

A Mkonzi,

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndipo masiku ano ntchito imene ndimaitanidwira kawirikawiri ndi yokweza mipanda. Munthu akangoberedwa, kukacha wagula kale njerwa, akuti khoma litalike, pamwamba tiyalepo waya waminga. Ndalamayo ndimalandira, ana ayenera kudya, koma ndiloleni ndinene zimene maso anga amaona.

Mbava ikalumpha mpanda wautali imagwira ntchito yake mtima uli m'malo, chifukwa woyandikana nanu sangaone kuti pawindo panu pali munthu akudula zitsulo. Kunja kwa mpandako ndiye kumaipiratu. Msewu wokhala ndi makoma uku ndi uku ulibe khonde kapena windo loyang'anako, ndiye mayi wochokera kuntchito kutada akalandidwa chikwama, angakuwe bwanji, palibe womuona. Wakuba amaopa kwambiri kuzindikiridwa nkhope.

Mwini nyumba sindimuda, mantha ndiwo amamuchititsa. Amene ndikuwafunsa ndi akhonsolo ndi akatswiri ojambula mapulani a mizinda, popeza malo obisalamo achifwamba ambiri amabadwira papepala lawo: kanjira kopanikizika kuseri kwa nyumba, siteji ya basi yoikidwa kutali ndi mashopu, dera la maofesi okhaokha lomwe limasanduka bwinja anthu akaweruka.

Ku St. Louis, m'dziko la America, adamanga nyumba zosanja 33 zotchedwa Pruitt-Igoe, iliyonse yansanjika 11. Zikepe zake sizinkaima pansanjika iliyonse, choncho anthu ambiri ankatsiriza ulendo pamasitepe obisika, ndipo achifwamba ankawadikirira pomwepo. Makonde aatali a m'katimo ankadutsamo mabanja ochuluka, moti panalibe wodziwa kuti uyu ndi mnansi, uyu ndi mlendo. Umphawi ndi kusowa kwa ndalama zokonzetsera zidathandizira, inde, koma pofika 1972 adayamba kuzigwetsa zisanakwanitse n'komwe zaka 20.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ku Philadelphia, mzinda winanso wa ku America komweko. Kumeneko adatenga mapuloti osamangidwa, n'kuchotsa zinyalala, kudzala kapinga ndi mitengo pang'ono, n'kuzinga ndi kampanda kakafupi kamatabwa koti ngakhale mwana atha kulumpha. Kafukufuku amene adatuluka mu 2018 adapeza kuti m'madera osauka kwambiri kuwomberana ndi mfuti kudatsika ndi 29 peresenti kuzungulira mapuloti okonzedwawo. Kampandako sikatchinga munthu ayi. Kamangouza wodutsa kuti pano pali mwini wake, ndipo amabwera kudzaona. Nako ku New York, mu 2016 ataika magetsi owala kwambiri pabwalo la nyumba zina zaboma zokhalamo anthu, milandu ikuluikulu yochitikira panja usiku idatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Za magetsi ndionjezepo pang'ono. Ambiri amaikidwa m'misewu ikuluikulu kuti oyendetsa galimoto aziona bwino, pomwe galimoto ili kale ndi nyali zake. Woyenda pansi, amene ndiye amalandidwa foni, amapatuka kulowa kanjira kamdima. Babu ikapsanso imatha miyezi osasinthidwa, ndipo mbava zimadziwa malo oterowo kuposa akhonsolo.

Pempho langa ndi lakuti povomereza pulani ya nyumba, khonsolo iziyang'ananso mpanda wakumaso. Khoma la njerwa lilekezere m'chiuno kapena pachifuwa, kumtundako kukhale zitsulo zoti munthu aziona msewu. Mwini puloti amene wasiya tchire kapena nyumba yosatha kwa zaka azikakamizidwa kulambula, akakana khonsolo ilambule n'kumulipiritsa. Ndipo asanadzike mapolo a magetsi, ayambe afunsa amayi ndi ana asukulu a m'deralo njira zimene amaopa kudutsa kukada, mapolo oyamba apite kumeneko.

Ndine wanu,
Mmisiri wa zomangamanga