Kalata yochokera ku Joni: za memori khadi ili m'jekete

Johannesburg

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse pakhomopo. Kuno tilipo, kuzizira kokha ndiye kwakula.

Katundu wanyamuka pa basi ya Lachisanu, ukamulandire kwa Wenela. Pokwera minibasi ya ku Luchenza ku Limbe, chikwama chaching'onocho chikhale pamiyendo pako. Bulangete ndi la amayi, nsapato ndi za ana a achemwali. M'thumba lam'kati la jekete yako muli kaenvulopu, ndipo m'menemo muli memori khadi ya 32GB. Ndaikamo filimu ya zigawozigawo ya apolisi ofufuza milandu yakupha ndi ya katangale, chigawo chilichonse mphindi pafupifupi 50.

Ukaika khadiyo m'foni, ikakufunsa zoti ipange format, ukane, apo ayi zonse zifufutika. Uonere pa VLC, pulogalamu yoonetsa mavidiyo pafoni. Pafupi ndi chigawo chilichonse pali kafayilo kothera ndi .srt, ndiko kamabweretsa mawu olembedwa pansi pa chithunzi. Usakasinthe dzina kapena kukasamutsira kwina, chifukwa dzina likasiyana ndi la vidiyo mawuwo satuluka okha. Ndipo usadumphe zigawo. Izi si zija za kuvidiyo shoo zoti ungalowe pakati n'kupeza anthu akumenyana. Munthu amene wangodutsa ndi tireyi ya tiyi m'chigawo choyamba akhoza kukhala mwini mlandu m'chigawo chomaliza.

Kukoma kwa filimuyi kuli pa umboni, ndiye uziyang'ana manja a apolisiwo kuposa mfuti zawo. Akafika pamene pali mtembo, choyamba amazunguliza chingwe ndi kuika munthu wolemba dzina la aliyense wolowa ndi nthawi yake. Amajambula zithunzi asanasunthe kanthu. Kenako udzaona akuveka manja a malemuyo timapepala ngati tija togulira ufa, n'kumanga pamkono. Amatero poti munthu akamalimbana ndi womupha amamukanda, ndipo khungu la wakuphayo limatsalira m'zikhadabo. Malaya a magazi amawaumitsa kaye n'kuwasunga m'thumba la pepala. Akawatsekera m'jumbo ya pulasitiki ali onyowa amachita nguwi, umboni wa DNA (chizindikiro cha m'magazi ndi m'khungu chosiyanitsa munthu ndi mnzake) n'kuwonongeka. Thumba lililonse limamatidwa, ndipo aliyense wolilandira amasayina. Siginecha imodzi ikasowa, loya wa woimbidwa mlandu amaima m'khoti n'kufunsa kuti malayawa anali ndi yani tsiku limenelo. Milandu ina imagwera pomwepo.

Dokotala wopima mtembo ndiye uzimumvetsera kwambiri. Thupi limayamba kuuma pakatha maola awiri kapena anayi, kuyambira nsagwada ndi khosi. Pofika maola 12 lauma lonse, ndipo pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri limafewanso. Kukatentha zonsezi zimafulumira, choncho mtembo wopezeka ku Muloza mu Okutobala sungawerengedwe chimodzimodzi ndi wopezeka pamwamba pa phiri la Mulanje mu Juni. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito satchula ola lenileni, amangoti pakati pa nthawi yakuti ndi yakuti. Palinso magazi. Mtima ukaima, magazi amatsikira mbali imene thupi lagonera, khungu n'kuda pamenepo, ndipo pakatha maola 8 mpaka 12 sasunthanso. Ndiye mtembo ukapezeka chafufumimba koma kudako kuli kumsana, dziwa kuti wina anausuntha munthuyo atafa kale, mwina anafera kwina, anachita kudzamutaya. Pakhungu lakuda ngati lathuli chizindikirochi chimavuta kuona ndi maso, mpaka dokotala apime bwinobwino. Pa mfundo imeneyi m'pamene nkhani ya chigawo chachiwiri yatembenukira, ukaonetsetse.

Chinthu china chimene anachilemba bwino ndi kuvomera mlandu. Pali mnyamata amene akuvomera msangamsanga, akuluakulu a polisi n'kusangalala kuti ntchito yatha, koma wofufuzayo mtima wake sukukhazikika. Izi anazitenga m'moyo weniweni. Mu 1986 ku England, pamene DNA inagwiritsidwa ntchito koyamba pa mlandu wakupha, kudzera mwa katswiri Alec Jeffreys wa ku yunivesite ya Leicester, chimene inayamba kuchita ndi kumasula mnyamata amene anali atavomera kale mlandu woti sanapalamule. Wakupha weniweni anagwidwa chaka chotsatira. Munthu wotopa, wamantha, wosagona, amavomera chilichonse kuti amusiye. Wofufuza wanzeru amabisa kamfundo kamodzi, monga mtundu wa chingwe chimene chinagwiritsidwa ntchito, osakauza atolankhani. Wovomera akalephera kukatchula, ndiye kuti akungobwereza zimene wamva.

Pakatikati nkhani imachoka pa mtembo n'kupita pa ndalama, ndipo ambiri amayamba kuwodzera pamenepa. Iwe usawodzere, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Wophedwayo anali wowerengera ndalama, ndipo anaona zimene sanayenera kuona. Kubera boma kumayenda motere: wina amalembetsa kampani yopanda ofesi, m'dzina la mlamu wake kapena dalaivala. Kampaniyo imalemba invoisi, chikalata chofunsira malipiro, ya katundu amene sanaperekedwe. Wam'kati amavomereza, wina amasayina, ndalama zimalowa ku banki n'kutapidwa tsiku lomwelo. Wofufuza amaika pathebulo mapepala atatu, oda, invoisi ndi chikalata cholandirira katundu, n'kupita kosungira katundu wa boma kukawerenga ngati katunduyo alipo. Kenako amapempha khoti chilolezo choona maakaunti a ku banki ndi kaundula wa mafoni. Kaundulayo sasunga zimene anthu analankhula. Amangosonyeza amene anaimbira mnzake, nthawi yake, ndi nsanja ya netiweki imene foni inali nayo pafupi. Zokhazo zimakwana kugwetsa bodza la munthu woti usiku umenewo anali kumaliro kumudzi.

Ukamaona zimenezi udzakumbukira Cashgate. Mu Seputembala 2013 Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Lilongwe, n'kupulumuka. Pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zinkalipidwa kudzera mu IFMIS, njira ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, kumakampani amene sanagulitse kanthu ku boma, kenako zolembazo n'kufufutidwa m'kompyuta. Akatswiri a kampani yofufuza mabuku a ndalama ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kumudzi nthawi imeneyo anthu amabwezedwa kuchipatala opanda mankhwala. N'chifukwa chake zigawo za ndalamazi zimandiwawa kuposa za magazi.

Wofufuza wa m'filimuyi mdani wake wamkulu ali mu ofesi momwemo. Fayilo imasowa m'kabati yokhoma, mboni imasintha mawu, iye mwini amalandira kalata yomusamutsira kutali. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chimene chimamupulumutsa ndi kabuku kake kam'thumba, kamene amalembamo tsiku, ola ndi dzina la aliyense wamupatsa lamulo, komanso makope a zikalata amene anasunga kwina.

Pali pena pamene filimu imanama, usatengeke. Zotsatira za DNA sizituluka madzulo a tsiku lomwelo, zimatenga masabata, kuno nthawi zina miyezi. Zidindo za zala sizipezeka paliponse, pagalasi ndi pachitsulo chosalala zimaoneka, koma pampini wa khasu n'zovuta. Ndiponso wapolisi sangasunge munthu m'chitokosi mmene angafunire. Kwathu Malamulo Aakulu a dziko, gawo 42, amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wokhala chete. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court, osati kwa majisitireti wa paboma.

Usaonere ana ali pafupi, chigawo chachitatu ndi chachisanu muli zithunzi zoopsa. Ukamaliza chachisanu ndi chimodzi, unditumizire uthenga pa WhatsApp undiuze amene ukumuganizira, ndipo unene ndi umboni wake. Khadiyo usabwereketse kumsika, siibwerera.

Upereke moni kwa amayi, uwauze kuti ya feteleza nditumiza mwezi ukatha. Moni kwa achemwali, alamu ndi ana onse.

Ndine mkulu wako,
ku Joni